Ndinaphedwa Kanayi Pabalaza ku Erdington

Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, kalasi yawo inauzidwa kukonza sewero la mmene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayambira. Iye anapatsidwa malo a dalaivala, uja ananyamula kalonga wa ku Austria ndi mkazi wake, n'kukhotera msewu wolakwika, n'kukaimitsa galimoto pafupi ndi munthu wamfuti.

Linali Loweruka masana. Ndinali nditangofika kuchokera ku shifiti ya m'mawa kuchipatala ku Wolverhampton, nsapato zidakali kuphazi. Ndinapeza mipando yodyera itandandalikidwa iwiriiwiri pabalaza, ngati ya m'galimoto.

"Dad, you're the prince," anatero mwanayo. Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi.

Mkazi wanga anakana kukhala mkazi wa kalonga. Anati m'nyumba mwake sawomberedwa, ngakhale mwamasewera. Anasankha kukhala wowombayo, natola rimoti ya TV. Pampando wa mkazi wa kalonga tinaikapo pilo.

Ndinaphedwa kanayi. Ulendo woyamba ndinafa msanga, galimoto isanakhote. Wachiwiri wowombayo anaseka. Wachitatu kunabwera munthu wodzasiya maphasulo pakhomo. Wachinayi ndinagwa bwino, moti mwana analamula kuti ndisadzuke mpaka amalize mawu ake.

Ndili chigonere pakapeti, ndinakumbukira kuti nkhondo imeneyi kwathu timaidziwa. Akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya. Agogo awo a amayi anga anagwidwa ku Dedza kuti akakhale mtengatenga, osenza katundu wa asilikali mpaka ku Karonga ndi kupitirira.

Nditamuuza mwana, sanakhulupirire, poti m'buku lake dzina la dziko lathu munalibe. Ndiye tinaimbira amayi kumudzi, ine n'kumamasulira.

"Anapita awiri, agogo ndi mng'ono wawo," anatero amayi. "Anabwerako agogo okha. Kuyambira pamenepo sanasenzenso kanthu pamutu. Ngakhale mtolo wa udzu ankaukoka pansi ndi chingwe, anthu akuwaseka."

Ndinawafotokozera za kalonga, za galimoto ndi msewu uja. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kalongayo anali ndani kwa ife?"

"Sanali m'bale wathu, amayi."

"Nanga wowombayo?"

"Nayenso ayi."

Amayi anati, "Agogo ankangoti azungu anayambana. Za galimotozi anamwalira asanazimve." Kenako anafunsa ngati mdzukulu wawo akudya mokwanira, chifukwa pa foni ankaoneka wowonda.

Sewerolo sindinalionere, ndinali kuntchito. Mkazi wanga akuti linatha bwino, kungoti kalonga wakusukulu anachedwa kugwa.

Mwana anawauza aphunzitsi ake za agogo aja. Iwo anadabwa, nampempha kuti alembe nkhaniyo, abweretsenso chithunzi ndi dzina la mng'ono amene sanabwerere. Chithunzi panalibe, ndipo sichinakhalepo. Dzinalo amayi anati analimvapo ali aang'ono koma linawathawa. Anatha milungu iwiri akuyenda m'makomo mwa achibale okalamba, wina mpaka kutsidya la mtsinje, pa kabaza. Anabwerako ndi mayina atatu osiyana, ndipo aliyense wowauza ankalumbira kuti lake ndiye loona.

Mwana anandifunsa kuti alembe dzina liti. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Analemba onse atatu, limodzi pansi pa linzake, ndipo pepalalo linapachikidwa pakhoma la kalasi mpaka temu inatha.