Nkhokwe ya Agogo a Nyagondwe

Fungo la fodya wouma likandipeza pamsewu, ndimaona agogo a Nyagondwe atakhala pabokosi lodindira mabelo m'chigafa chathu ku Kaluluma, fumbi la masamba likuyetsemulitsa aliyense, iwo akuseka mpaka thupi lonse kugwedezeka. Jeke wopanikizira fodya m'bokosimo tinkachita kubwereka, ndipo akachedwa kufika, bambo ankangoitana mayi awowo kuti adzakhalire fodyayo. Anali onenepa agogo, osati masewera. Wakabaza akawaona ankayang'ana kumbali.

"Sekani," ankatero akusisita mimba. "Iyi ndi nkhokwe yanga. Inu mwasunga chiyani?"

Chaka china anayamba kuonda okha. Ife tinakondwera, poti kuchipatala ankawanena za kunenepako. Amayi anawabisira mafuta ophikira ndi nsinjiro kuti apitirire kuphwa, azimayi akumpingo nawo n'kumawayamikira kuti abwerera kuutsikana. Ankatsegulanso m'mimba kosatha, koma tinkangoti ndi fumbi la fodya.

Ku Lilongwe anawapeza ndi khansa ya m'matumbo, ya mtundu wosowa, yokula pang'onopang'ono. Adokotala anafunsa amene ankawamana chakudya, amayi n'kuzyolika. Anatiuza kuti odwala khansa imeneyi akabwera ali ndi thupi, kawirikawiri amapirira nthawi yaitali, ngakhale chifukwa chake sichidziwika bwino.

"Mwamva?" anatero agogo ali pabedi. "Bwezani nsinjiro zanga."

Chimene ankafuna chinali chimodzi, kudzavina pa chinkhoswe changa, ine mdzukulu wawo woyamba, amene pulayimale ndinali ndisanamalize n'komwe. Nyengo yodinda ikafika ankalamula kuti tiwakweze pasikelo ya mabelo, atakhala m'chiguduli, ana tikukuwa ngati tili kumsika. Muvi unkatsika chaka ndi chaka.

"Tikudya za m'nkhokwe," ankatero. "Nanga munkati ndikusungira anankafumbwe?"

Onse ankaseka. Ine ndinkazembera kuseri kwa chigafa kukalira.

Tsiku la chinkhoswe ndinawanyamula ndekha kuchokera m'nyumba kukawakhazika pampando, opepuka ngati mtolo wa masamba ouma. Anavina ndi mapewa okha, kenako anandikokera pafupi.

"Nkhokwe yatha, mwana wane, koma yandifikitsa pokolola."

Anamwalira mvula isanagwe. Lero thupi lawo lija linasamukira kwa ine, ndipo wakabaza akandiona amayang'ana kumbali. Ine ndimangosisita mimba n'kumuitana.