Kagalu ka m'katoni

Anzanga, zimene ndikuuzenizi si nthano ayi, ndipo ngati ndawonjezera kanthu Mulungu andione. Zinandichitikira ine mwini kuno ku Kanakantapa zaka zingapo zapitazo, koma mayina sinditchula, chifukwa eni nkhani tonse tikali moyo, tchalitchi chathunso n'chimodzi.

Ndili ndi mng'ono wanga, wondiponda pamutu. Tinachoka limodzi kwathu ku Katete, minda yathu kuno ndi yoyandikana, koma iye chilichonse chimene wagwira chimamuyendera. Tomato wake ndiye amayamba kupsa, mbuzi zake zimaswa ana awiriawiri, ngakhale chitenje chofanana ndi changa, akavala iye anthu amafunsa komwe wagula. Ine ndine mkulu wake, komatu ndivomere, mtima unkandiwawa. Kodi munayamba mwamusekererapo munthu pakamwa pokha, m'kati mukupsa? Ine ndinkatero tsiku ndi tsiku.

Chaka chimenecho akuba mbuzi anatisautsa, ndiye mng'ono wangayo anakagula kagalu kwa mayi wina wa ku Chalimbana, mphunzitsi wopuma pantchito amene amaweta agalu. Kagalu kake kokongola, kofiirira, miyendo ikuluikulu, moti azimayi a kwaya ankachita kupatuka kudzakaona. Awe mwandi, chakudya chinaleka kunditsika. Ndinakwera minibasi osauza munthu, ulendo wa kwa mayi yemweyo, kuti nanenso ndikatenge wanga.

Mayiyo anandilandira bwino, nandionetsa make wa tiagalu ndi makhadi a katemera, koma kenako anayamba kundipanikiza ndi mafunso ngati ndikufuna kumutengera mwana wake. Ankafuna kudziwa ngati pakhomo pali mpanda, komwe galuyo azikagona, ndiponso amene azikamudyetsa ine ndikapita kumsika. Pomaliza anati tiana tomwe tinalipo tikali kuyamwa ndipo tonse tili ndi eniake kale, choncho ndidikire mpaka make adzaswenso. Ine kudikira? Mng'ono wanga ali ndi galu, ine mkulu wake ndiime pamzere? Ndinatuluka ndikung'ung'udza, ndikudziuza kuti ndithu mng'ono wangayu anandidyera kale miseche kuno.

Pobwerera, pafupi ndi pokwerera mabasi ku Chongwe, ndinapeza bambo wina ali ndi katoni, m'katimo muli kagalu kakuda, kakakulu kuposa ka mng'ono wanga. Ameneyu sanandifunse kanthu ngakhale kamodzi. Nditafunsa za make anati ali kufamu kutali, ndi galu wa mtundu wa apolisi weniweni. Za katemera anati anabaya kale, khadi wangoliiwala kunyumba. Pakhutu la kagaluko panali kabala kakang'ono, iye anati n'kusewera ndi anzake basi. Ndinasenza katoni ija ndikuona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwira kwambiri. Mukudziwa zomwe timachita tikafuna kuti galu akhale wolusa, timasinja mavu ndi tsabola n'kusakaniza m'chakudya chake. Ndinatero ine masabata atatu, poti ndinkafuna kuti wanga aziopedwa dera lonse, wa mng'ono wangayo azioneka ngati mphaka. Ndiye kagalu kaja katayamba kusintha, kumatafuna mtengo womwe ndinakamangirirako, kumalumpha kuwakha ntchentche zomwe palibe, maso ali psuu, ine ndinavina. Ndinati eya, mavu agwira ntchito! Mpaka ndinatumiza uthenga kwa mng'ono wanga kuti abwere adzaone galu weniweni.

Iye anali wotanganidwa kudimba, ndiye anangotuma mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri kudzandipatsa masamba a repu. Mwana ameneyu ankandikonda kwabasi, dzina loti amayi aakulu silinkachoka pakamwa pake, nanenso pokhala ndilibe mwana wamkazi ndinkamuluka tsitsi ndine. Atangofika anathamangira kagalu kaja kuti akasisite monga amachitira ndi kakwawo. Sikanauwe n'komwe. Kanangomuti m'katumba ka mwendo khaa, n'kukakamira pomwepo, moti ndinachita kukamenya ndi mthiko kuti kasiye.

Bala silinali lalikulu, timabowo tinayi ndi magazi pang'ono. Munthu wanzeru akanatsuka ndi sopo n'kuthamangira naye kuchipatala, koma ine chomwe chinandibwerera m'mutu n'chakuti mng'ono wanga adzaseka kuti galu wanga ndi wachabechabe, wake ndiye wabwino. Mwaiona nsanje? Ndinameta ubweya pang'ono wa kagaluko, n'kuutentha, n'kupaka phulusa lake pabala monga ankachitira makolo. Kenako ndinamupatsa mwanayo chitumbuwa n'kumunyengerera kuti akanene kuti wabayidwa ndi waya wa mpanda. Anavomera ndi mutu, misozi ili mbwembwembwe, n'kumapita kwawo akutsimphina.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza kagalu kakukhwekhwereza miyendo yakumbuyo, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha. Ndinakaikira madzi, koma kanangoyang'ana mbale n'kuyamba kunjenjemera, kulira kwakenso kosasa mawu, kosakhala kwa galu. Mwamwayi tsiku lomwelo mlangizi wa ziweto anali kudibi la ng'ombe chapafupi, ndiye amuna anga anakamuitana. Bamboyo atangokaona anabwerera m'mbuyo, natiuza kuti pasapezeke wokakhudza, ichi n'chiwewe. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati kaluma munthu aliyense, ati chifukwa matendawa akangofika kumutu palibe mankhwala, munthu amafa akulephera kumeza madzi ngati kagaluko.

Abale inu! Ndinathamanga wopanda nsapato kudutsa m'chimanga mpaka kudimba, ndipo ine mkulu ndinagwada m'matope pamaso pa mng'ono wanga n'kuulula zonse, za katoni, za mavu, za bodza la waya. Akanangonditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Iye anangoponya keni yothirira pansi, n'kubereka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ngati khanda, ulendo wa kumsewu. Ndinamutsatira kuti ndimulandire, koma osacheuka n'komwe anandiuza kuti ndisamukhudze mwana wake.

Kuchipatala mwanayo anamuyamba majakisoni, koma anamwino ananena poyera kuti tinayenera kubwera tsiku lomwe analumidwalo, tsopano tizingomuyang'anira. Mutu wa kagalu anautumiza kukayeza, yankho linabwera loti chinalidi chiwewe. Wogulitsa uja amuna anga anamusaka ku Chongwe konse, palibe amene ankamudziwa. Miyezi itatu yathunthu ndinkaima kuseri kwa mpanda wa mng'ono wanga m'mawa uliwonse ngati wakuba, kudikira kuti ndione mwanayo akumwa madzi, akameza ndiye nane ndipume.

Anapulumuka, Mulungu ngwamkulu, pano ali kusekondale. Mng'ono wanga amandipatsa moni, kukwaya timakhala benchi limodzi, koma mwanayo sanamutumenso pakhomo panga, ndipo ine ndilibe pakamwa pofunsira.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti wogulitsa galu amene akukutopetsani ndi mafunso ndiye wokufunirani zabwino, wosafunsa kanthu muthaweni. Pitani komwe kagaluko kabadwira, mukamuone make ndi maso anu, khadi la katemera muligwire m'manja, ndipo akati mudikire, dikirani. Galu akaluma munthu, zaubweya ndi phulusa zisiyeni, tsukani ndi sopo mupite kuchipatala dzuwa lisanalowe.

Za nsanje ndikanakuuzani kuti inanditheratu, koma ndinalonjeza kuti sindinama. Ikamandibwerera, ndimakumbukira zomwe mlamu wanga, bambo wa mwanayo, anandiuza patapita nthawi. Akuti bala litatupa tsiku lachiwiri, make anamufunsa kangapo konse, mpaka anamuthyolera kamtengo. Mwanayo anakwapulidwa ndithu, koma sanasinthe mawu, ankangoti ndi waya, poopa kuti amayi aakulu angakalipiridwe.