Tambala wa a Ambrose pa Phiri la Mangochi

Pa maliro a a Ambrose Mkwamba ku Nkope, mdzukulu wawo wina wa ku tauni anaimirira nanena kuti malemuwo anali munthu wolimba mtima, amene anapusitsa Chipani masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu anagwedeza mitu. Ine sindinanene kanthu, poti pamaliro si pokonzera zolakwa. Koma tsiku limenelo ndinalipo, ndipo dzuwa kunalibe. Kulimba mtimako sindinakuonenso.

A Ambrose anali msodzi, osati mwini khoka, koma mmodzi wa okoka. Anabatizidwa pa mishoni, sukulu anailekeza atangodziwa kulemba dzina lawo, ndipo m'tchalitchi ankakhala kumbuyo n'kumaimba mochedwerapo kuposa anzawo, kotero kuti Ameni wawo ankamveka yekha ena onse atakhala kale pansi. Mawu amene ankawakonda anali akuti "ndi momwemo." Wansembe akati nsomba zachepa chifukwa cha machimo athu, ndi momwemo. Wina akati zachepa chifukwa cha mwera, ndi momwemonso. Chinthu chachitali chimene anali atakwerapo m'moyo wawo chinali denga la nyumba yawo, ndipo potsika anachita kuwalandira akazi awo, a Jestina.

Chuma chawo chodziwika chinali tambala wakuda bii, wopanda nthenga ya mtundu wina. Masiku amenewo tambala wakuda sanali nkhuku wamba. Anali pa nsalu za amayi, pa mabaji, ndi pa khadi imene munthu ankaonetsa asanalowe mumsika. Pamsonkhano mtsogoleri akafuula kuti "Tambala!" tonse tinkayankha kuti "Wakuda!" ndipo panali anyamata a malaya ofiira amene ntchito yawo inali kuona pakamwa pamene sipanatseguke bwino.

Tcheyamani wa nthambi yathu anali a Dyson, mwini kagolosale, munthu amene ankafunitsitsa kuti ku boma amudziwe dzina. Chaka china kuchiyambi kwa ma 1970, chikondwerero cha ufulu cha mu Julaye chikuyandikira, anatulukira nzeru. Nthambi zina zivine, zigube m'misewu. Ife tikakwera phiri la Mangochi, tsidya lija la Shire cha ku Namwera, kumene kuli mabwinja a linga la atsamunda, ndipo pakhoma lake tikakweza tambala wakuda wamoyo kuti akalire pamenepo. Anasankha asodzi, poti asodzi ndi anthu amphamvu. Zoti mphamvu za msodzi zili m'mapewa sizinawadze m'mutu. Ine ananditenga kuti ndikayambitse nyimbo ya fuko, ndipo mphunzitsi masiku amenewo akaitanidwa ankangofunsa nthawi yonyamukira. A Ambrose anauzidwa kuti abwere ndi tambala wawo. Anati ndi momwemo.

Ulendo utayandikira, chitopa chinalowa m'mudzi. Nkhuku zinayamba kuwodzera ndi kukoka mapiko pansi, ndipo m'mawa wa tsiku lokonzekera ulendo a Ambrose anapeza tambala uja miyendo ili m'mwamba. Zimene zinachitika pakhomopo anandiuza ndi a Jestina okha, patapita zaka zambiri.

"Kawauzeni a Tcheyamani," anatero a Jestina.

"Ndikawauze kuti chiyani, amake Mariya?"

"Kuti tambala wakuda wa..."

"Tamalizani. Tamalizani ndimve mmene zikumvekera."

Sanamalize. Kunali munthu wina wa mudzi woyandikana nawo amene ananena pa mowa kuti tambala amatha kulira kusanache. Anabwera kudzamutenga pa galimoto, ndipo banja lake linali likumudikirabe. Tsono a Ambrose, a ana aang'ono, akaime pakhonde la golosale pamaso pa anyamata ofiira n'kulengeza kuti tambala wakuda wafa?

M'khola munatsala katambala kamodzi kamene chitopa chinakanyoza. Mchira wake unali wakuda, koma khosi, chifuwa ndi mapiko zinali zoyera mbee. A Jestina anapala mwaye kukhitchini, anaswa mabatire akutha a tochi, anasinja makala ake, n'kusakaniza ndi madzi a therere kuti zimate. Anamupaka nthenga ndi nthenga, namuyanika padzuwa atamumanga mwendo. Ntchito inagwirika bwino, sindingakane. Chimene sanaganize chinali nyengo ya kumtunda. Ku Nkope mu Julaye mvula sigwa, ndipo munthu wa kunyanja amayesa kuti thambo la kwawo ndi la dziko lonse.

Tinanyamuka pa lole, tinaoloka Shire, n'kukwera zitunda za msewu wa ku Namwera. Dzuwa tinalisiya kumbuyo pamodzi ndi nyanja. Patsinde pa phiri tinapeza bwana wina wa Chipani wa ku boma, atavala chikhoto, atabwera kudzatitsanzika. Kukwera sanakwere, anali ndi ntchito zina zofunika m'galimoto. A Dyson, a malaya oyera ndi tayi, anakokera a Ambrose patsogolo nawauza kuti avundukule dengu.

"Uyu ndi wa m'khola langa, bwana," anatero a Dyson. "Ndamulera ndi manja anga. Mukapezapo nthenga yoyera ngakhale imodzi, mundichotse pampando. Awawa angondinyamulira."

"Ndi momwemo," anatero a Ambrose.

Bwanayo anakondwa, natipatsa mmodzi wa anyamata ake ofiira kuti akaone zonse ndi maso n'kudzamuuza.

Wotitsogolera anali Che Sulemani, mlimi wa fodya wa komweko, amene anafunda chiguduli kumutu. Anayang'ana makabudula athu, timalaya tathu topyapyala, ndi nkhwaira za matayala kumapazi.

"Achimwene, mukupita kuphiri kapena kokasamba?"

"Ife ndi anthu a m'madzi," anayankha a Dyson. "Madzi sitiwaopa."

"Eee, madzi a kwanu mumawapeza ali gone. Akunowa amabwera cham'mbali."

Tisanapite patali mvumbi unayamba, uja wosagunda, wosang'anima, wongowaza ngati sukufuna kanthu. Nkhungu inatsika mpaka munthu sankaona wachitatu patsogolo pake. Udzu wa tsekera unkatikhuthulira madzi m'khosi. Njira inali ya dothi lofiira, ndipo itanyowa inasanduka sopo. Nkhwaira zinkazungulira kumapazi, mpaka ambiri anazivula n'kuzikoleka m'khosi. Amuna amene ndinawaonapo ataimirira m'bwato pakati pa mafunde a mwera tsopano anali kukwawa, akugwira udzu umene unkazuka ndi mizu yomwe. Poyamba anaimba nyimbo yokokera khoka. Kenako nyimbo inatha, panatsala mano okha akugundana. Wina anakhala pa mzere wa linthumbu, ndipo kwa kanthawi iye yekha ndiye anaiwala kuzizira. Tinayesa kusonkha moto, koma machesi anali phala. Chinangwa chophika chimene tinatenga chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo zala zinkakana kuchigwira.

A Dyson, kuti atilimbitse mtima, ankaima n'kufuula kuti "Tambala!" Yankho linkabwera, koma linkachepera pamene phiri linkakulira.

Ine ndinali kumbuyo kwa a Ambrose. Dengu linali pamutu pawo, ndipo ndinaona madzi akuda akutsetsereka m'khosi mwawo. Iwo anapukuta, anayang'ana chikhatho, naima chilili. Kenako anatula dengu, anatembenukira kuthengo, anatulutsa tambala n'kumulowetsa m'malaya, pakhungu penipeni, namukumbatira ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, musayang'ane."

"Sindikuona kanthu, a Mkwamba. Nkhungu yachuluka."

Kuyambira pamenepo anakwera phiri opanda manja. Potsetsereka ankagwiritsa zigongono ndi mawondo, pena chibwano. Akagwa ankagwera chagada kuti asaphwanye katundu wa Chipani. Tambalayo, amene sanafunsidwe maganizo ake pa zonsezi, ankawakanda pamimba ndi zikhadabo, ndipo anachitanso zina zimene nkhuku zimachita zikaopa. Mvula inkalowabe. Malaya ananyowa, ndipo madzi akuda anayamba kuyenderera m'kabudula mpaka m'miyendo.

Mnyamata wofiira uja, amene milomo yake inali itatuwa, anawaona.

"Madala, chikutuluka m'malaya mwanucho n'chiyani?"

"Thukuta," anatero a Ambrose.

"Thukuta lakuda?"

"La tambala wakuda."

Mnyamatayo anaganiza kwa kanthawi. Ndikhulupirira kuti anafufuza m'mutu ngati pa maphunziro awo anauzidwapo mtundu wa thukuta la tambala wa Chipani, ndipo atalephera kukumbukira anaona kuti kutsutsa kungamuvute yekha. A Dyson nawo anaona mwayi wolankhula.

"Taonani chikondi cha pa Chipani! Munthu akuzizidwa, koma wafunditsa tambala ndi thupi lake! Inu nonse mukanakhala ngati a Ambrose, nthambi ino ikanakhala patali."

A Ambrose maso awo anali ngati a chambo cha pamsika.

Tinafika pamwamba masana, ngati anali masana. Linga lija linali makoma a njerwa ndi miyala, omera udzu, ndipo mphepo inkadutsa pamenepo ngati ili ndi mangawa ndi ife. Anthu amati kuchokera kumeneko umaona nyanja yonse. Ife tinaona nkhungu ya mtundu womwewo umene tinauona m'munsi. Asodzi awiri anakankhira a Dyson pakhoma, iwo nakonza tayi.

"Bweretsani tambala."

"A Tcheyamani," anatero a Ambrose, "akuzizidwa."

Aka kanali koyamba kuwamva akuyankha munthu wa udindo ndi mawu ena osati aja.

"Ndati bweretsani!"

A Ambrose anamasula mabatani pang'onopang'ono, napereka tambalayo. A Dyson anamugwira miyendo n'kumukweza m'mwamba asanamuyang'ane, maso ali kwa ife. Tonse tinaona. Khosi linali loyera, chifuwa choyera, mapiko a mizeremizere yotuwa, ngati kakowa amene wagwera paphulusa. Kuda konse kunali pamimba pa a Ambrose, ndipo kotsalako kunali kutsikira m'mikono ya a Dyson, kulowa m'malaya awo oyera aja.

A Ambrose anagwada m'matope, milomo ikuyenda, ndipo ndinamva kuti akutchula mayina a ana awo. Mnyamata wofiira anatsegula pakamwa. A Dyson anaona nkhope zathu, anayang'ana m'mwamba, naona chimene anagwira. Anayang'ana mnyamatayo. Ndinawaona akukumbukira, mawu ndi mawu, zimene ananena patsinde pa phiri pamaso pa bwana: khola langa, manja anga, nthenga imodzi. Kuneneza a Ambrose kunali kunena kuti tcheyamani ananamiza bwana wa Chipani, ndipo galimoto yodzatenga anthu ija inali ndi malo a anthu awiri.

Anakoka mpweya, anayang'anitsitsa mnyamatayo m'maso, nafuula ndi mawu onse amene anawatsalira:

"Tambala!"

"Wakuda!"

Anali a Ambrose, okha, akadali chigwadire. M'zaka zonse zimene ndinapemphera nawo, aka kanali koyamba kuti atsogole.

"Tambala!"

"Wakuda!" tinayankha tonse. Che Sulemani anayankhira mkati mwa chiguduli, mapewa akugwedezeka. Mnyamata wofiira nayenso anayankha, mokweza kuposa ife, poti pa mfuu imeneyo panalibe yankho lina limene munthu anayankhapo n'kukagona kwawo.

Tambala sanalire. Anayetsemula. Ndinayambitsa nyimbo ya fuko, tinaimba ndime yoyamba yokha mothamanga, ndipo a Dyson anatsika pakhoma, nabwezera okha tambalayo m'malaya mwa a Ambrose, n'kuwamangira mabatani mpaka m'khosi ngati mayi wotumiza mwana kusukulu.

Kutsika tinatsika ndi matako. Patsinde tinapeza bwana atapita kale, poti kunja kunali kuzizira. Mnyamata uja anakanena kuti tambala analira mpaka anamveka ku Namwera, ndipo dzina la a Dyson linadziwika ku boma monga ankafunira.

A Ambrose analandiranso mphotho yawo. Pamsonkhano wotsatira a Dyson analengeza kuti chifukwa cha kudzipereka kwawo, iwo ndiwo akhale osunga tambala wa nthambi. Asamuphe, asamugulitse, ndipo azibwera naye pamsonkhano uliwonse. Kuyambira pamenepo, msonkhano ukayandikira, a Jestina ankapeza kathumba ka mabatire akutha pakhomo, kochokera ku golosale, popanda uthenga uliwonse. Misonkhano ya nthambi yathu, imene kale inkachitikira pansi pa mtengo, inasamukira m'kalasi yofolera malata. Tambalayo anakhala moyo wautali umene nkhuku ya ku Nkope sinaulawepo. Ankadya chimanga cha ana, ankajompha alendo, ndipo Khirisimasi iliyonse banja linkamuyang'ana likudya usipa. A Ambrose anatsala ndi zipsera pamimba ndi chifuwa chimene chinkabwera Julaye aliyense. Phiri sanakwerenso. Ngakhale padenga ankalemba munthu wokwerapo.

Ngati kumeneko n'kupusitsa Chipani, mdzukulu uja ananena zoona. Ine ndinaona munthu wamantha akukwawa m'matope ndi nkhuku pamimba kuti ana ake asatsale okha, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo n'zokwanira popanda kuwonjezera.

Tambalayo anafa ndi ukalamba, m'mawa wina, Chipani chikadalipo. A Ambrose anavala jekete la kutchalitchi, anapita ku golosale, anadikira kuti ogula atuluke, navula chipewa.

"A Tcheyamani, tambala uja wapuma pantchito."

A Dyson anayang'ana kukhomo, anayang'ana pawindo, kenako anayang'ana shelefu ya mabatire.

"Ndi momwemo," anatero.