A Ragnvald, Wopaka Phula

M'chigwa chathu munalibe munthu amene ankawakonda a Ragnvald, koma chipale, madzi oundana aja ogwa ngati ufa woyera, chikangoyamba kugwa mwezi wa Novembala, aliyense ankawavulira chipewa. Iwo ndiwo ankapaka phula matabwa athu othamangira pachipale, ndipo kiyi wa kanyumba kopakirako, komwe kanali ka kalabu yathu, ankakhala m'thumba mwawo. Ine ndakhala ndikugulitsa khofi ndi mawafulo, timakeke taphanthiphanthi towotchera m'chitsulo, m'chipinda chogundana ndi kanyumbako chimwalirire mwamuna wanga Eilif. Khoma lake ndi lopyapyala, kotero zambiri ndinkazimva ngakhale sindinkafuna.

A Ragnvald anabadwira pa famu yaing'ono kumtunda kwa mtsinje, ndipo ntchito yawo inali yodula mitengo. Ali mnyamata anathamangako, koma sanapambanepo. Anthu ankati n'chifukwa chake ankaipidwa ndi aliyense wothamanga bwino. Chimene iwo anali nacho ndi dzanja. Ena ankayang'ana kachipangizo koyezera kuzizira kamene kali pakhoma, koma iwo ankati kameneko kamayeza mphepo, chonsecho munthu sathamanga pamphepo. Ankakwera kunkhalango kumene njira ya mpikisano imadutsa, n'kuvula golovesi, n'kutapa chipale, n'kufinya. Chikayoyoka ngati ufa ankatenga phula lolimba, lobiriwira kapena labuluu. Chikagwirana pang'ono ankatenga lapepo, chikaumbika ankatenga lofiira lomwe ndi lofewa. Chikakhala chakale, chosungunuka n'kuumanso, kapena chikadontha madzi, ankatulutsa kilisita, phula la m'chubu lija lomata ngati ulimbo.

Phula limapakidwa pakati pa thabwa, pamene pamaponda phazi, kuti pokwera chitunda thabwa ligwire. Ukapaka lolimba pachipale chonyowa umaterereka chammbuyo ngati waponda ndere. Ukapaka lofewa pachipale chouma chimamatirira kunsi mpaka thabwa silisunthanso. A Ragnvald sankalakwitsa kawirikawiri, ndipo chimenechi ndicho chinawaononga mtima. Sankalola munthu kufunsa chifukwa. Ankati wokayikira phula lawo akadzipakire kwa amake.

Chaka china Eilif anadzipakira yekha kunyumba chifukwa ng'ombe zinamuchedwetsa. A Ragnvald anamulanda thabwa limodzi, n'kulikweza m'mwamba kuti onse alione, n'kumufunsa ngati akufuna kuthamangirapo kapena kumwera khofi, popeza anali atapaka ngati batala pabuledi. Anapala phula lonselo n'kupukutira chopaliracho pachipewa cha Eilif. Anthu anaseka, Eilif nayenso anaseka. Kunyumba sanadye, ndipo sanalowenso mpikisano mpaka kumwalira kwake.

Mkazi wawo anali Halldis, mnzanga amene tinkakhala benchi limodzi kusukulu. Ali mtsikana ankaseka mokweza mpaka aphunzitsi ankamutulutsa panja. Atakwatiwa kusekako kunatha pang'onopang'ono, osadziwa tsiku limene kunathera. Anatenga pathupi kangapo, koma nthawi zonse pankapita padera. Ntchito yake pamasiku a mpikisano inali yonyamula bokosi la maphula, kukoleza mbaula m'kanyumba muja, ndi kuchotsa kilisita pa zovala za mwamuna wake, ntchito yomwe imatha sabata. Sindinamvepo a Ragnvald akumuitana dzina. Ankangoti "iwe", osatembenuka n'komwe.

Atakalamba anawapeza ndi matenda a shuga. Zimenezi anthu ankazidziwa, koma sankadziwa kuti matendawo anali atadya manja. Ine ndinazindikira tsiku limene ndinawathirira khofi wowira kumene, iwo n'kugwira kapu pamimba pake, osati pachogwirira, n'kuima nayo akulalatira munthu wina, osamva kutentha. Maso nawonso anali atachita chifunga. Mabatani a jekete ankawamanga mosemphanitsa, kenako anayamba kubwera atamangidwa bwino, ndipo ndinadziwa wowamanga.

Nyengo yachisanu imeneyo Halldis anayamba chizolowezi chatsopano. Mpikisano uliwonse usanayambe ankakwera kunkhalango, akuti kukawongola miyendo. Pobwera ankazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kuli kawindo kamene ndimatsegula kuti utsi wa mawafulo uzituluka, ndipo a Ragnvald ankakhala atamudikirira pomwepo. Iye ankanena mawu ochepa, kuti chouma chikuyoyoka, kapena kuti chikugwirana pang'ono. Kenako a Ragnvald ankayenda kanjira pang'ono anthu akuona, n'kuvula golovesi, n'kufinya chipale atatsinzina, n'kubwera kudzalamula mtundu wa phula. Nyengo yonseyo sanalakwitse ngakhale kamodzi. Anthu ankati dzanja la achikulirewa likukoma ndi zaka. Iwo ankavomera ndi mutu. Halldis ankakhala atagwada pambaula, akusonkhezera nkhuni.

Kumayambiriro kwa Malichi timakhala ndi mpikisano wopatsirana ndi anthu a kuseri kwa phiri. Mbali iliyonse imakhala ndi amuna anayi othamanga motsatizana, wina akamaliza n'kumenya mnzake paphewa kuti anyamuke. Kwa ife palibe tsiku lina loposa limeneli. Wogonja amasekedwa chaka chonse, kutchalitchi, kumaliro, ngakhale pamzere wa kusitolo. Chaka chimenecho unachitikira kwathu. Dzulo lake kunafunda mpaka madenga ankadontha, koma m'mawa kunayamba kugwa chipale chatsopano, ndipo kachipangizo kapakhoma kanaima pamalire a kuuma ndi kusungunuka. Tsiku lotere ndi limene wopaka phula aliyense amaliopa.

A Ragnvald anafika atakwiyiratu. Halldis ankabwera kumbuyo ndi bokosi lija, ndipo pakhomo, pomwe madzi a dzulo anali ataundana ndi kuzizira, anaterereka. Bokosi linatseguka, tizitini tinagubuduka mpaka pansi pa galimoto za alendo. Pabwalo panali podzaza, athu ndi a kuseri kwa phiri omwe. A Ragnvald sanamudzutse. Anatembenukira kwa alendowo ngati akuwapepesa.

"Musadabwe naye, manja akewo ndi ongokongoletsa. Zaka zonsezi sanagwirepo kanthu n'kukasunga, ngakhale mwana."

Ena anaseka chifukwa sanamve bwino, ena anayang'ana nsapato zawo. Halldis anakwawa n'kutola tizitini tonse, n'kutiika m'bokosi mwa dongosolo lake, zobiriwira kuno, zofiira uko. Anaika bokosi m'kanyumba, anasasa mawondo, n'kukwera kunkhalango monga mwa masiku onse.

Anakhalitsako kuposa kale. Pobwera ndinali pakawindo kaja ndikutembenuza wafulo, ndipo ndinamva a Ragnvald akumufunsa chimene chinamuchedwetsa.

"Chonyowa," anatero Halldis. "Ndafinya, chadontha madzi."

"Watsimikiza iwe? Chikugwachi ndi chatsopano."

"Pitani mukafinye nokha, bambo."

Kenako ndinamva nsapato zawo zikupita kukachita kamwambo kawo kofinya pamaso pa anthu, ndipo atabwera analamula kilisita pamatabwa a amuna athu onse anayi.

Wapampando wa kalabu anali Torleif, woyendetsa lole yonyamula mkaka, yemwenso anali wothamanga kwambiri mwa onse. Iye yekha ndi amene analimba mtima kufunsa ngati achikulirewo akunenadi kilisita chipale chatsopano chikugwa chonchi. A Ragnvald anamufunsa kuti anayamba liti kudziwa chipale, popeza iwo ankawapakira amake iye ali m'mimba. Anamuuzanso kuti ngati akufuna labuluu akapake pamlomo. Torleif anafiira makutu, n'kupereka matabwa ake. Anayesa pabwalo pomwepo, ndipo popeza chipale cha pabwalo chinali chitapondedwa ndi anthu ambiri mpaka kuchita madzimadzi, matabwawo anagwira bwino. Anabwera n'kupepesa. A Ragnvald sanamuyang'ane.

Torleif ndiye anayamba, kuti atsegule mpata. Anatuluka pabwalo ali patsogolo, athu akuliza mabelu a ng'ombe, n'kulowa m'mitengo. Ine ndinkaonera pakhomo la chipinda changa. Patapita nthawi munthu anatulukira kunkhalango, koma anali wa kuseri kwa phiri. Anamenya mnzake paphewa, wachiwiri uja n'kuliyatsa. Athu anasiya kuliza mabelu. Wachiwiri wawo ali pafupi kumaliza, Torleif anaoneka pamwamba pa chitunda akuyenda wapansi, matabwa ali paphewa, miyendo ikulowa m'chipale mpaka m'mawondo.

Alendo sanatimvere chisoni. Wina anafunsa ngati kwathu kuno timathamanga ndi matabwa paphewa, wina anati atibwereke mahatchi. Amuna athu atatu otsalawo anathamangira kukapala matabwa awo, koma kilisita sachoka mwachangu, amangofalikira m'manja ndi m'zovala. Mpikisano sitinaumalize n'komwe.

Anthu onse anadzadzana m'chipinda mwanga, zovala zikufuka nthunzi. Torleif analowa n'kumenyetsa thabwa lake patebulo. Kunsi kwake kunali chibuma cha chipale chokhuthala ngati buledi. Anatswanyako pang'ono, n'kuuzira, ndipo chinauluka ngati ufa. Anauza onse kuti kuyambira pa mtengo woyamba mpaka pamwamba chipale chinali chouma choti sungaumbe nacho kanthu. A Ragnvald anati nyengo inasintha atapaka kale. Mlendo wina anayankha kuti iwo anakwerako m'mawa, ndipo chinali chouma chomwechi.

"Achikulire, tiyeni tione dzanja lotchukalo," anatero Torleif. "Tikuphimbani kumaso, tikuikirani chipale m'manja, mutiuze. Kapena mukuopa?"

A Ragnvald anayang'ana uku ndi uku. Ndinadziwa amene ankamufuna. Halldis anali pa tebulo la pakona, atagula wafulo, chinthu chimene sankachita, ndipo ankapaka jamu mosamala mpaka m'mphepete. Sanadzutse mutu. A Ragnvald akanatha kunena kuti mkaziyu ndiye wawanamiza, koma pamenepo chigwa chonse chikanadziwa mwini wa dzanja limene anthu analitama nyengo yonse. Anatambasula dzanja.

"Bweretsa, mwana iwe."

Torleif anawakokera chipewa mpaka pamphuno. Anatsegula chitseko ngati akukatapa chipale panja, koma anangotembenuka n'kutenga wafulo wotentha amene ndinali nditangomuikira mlendo wina pambale, jamu ali pamwamba. Anamuika m'chikhatho chawo. A Ragnvald anafinya monga ankachitira, pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera. Jamu anatuluka pakati pa zala n'kuyenderera mpaka m'khono la malaya.

"Chouma," anatero mwamphamvu. "Labuluu."

Sindinamvepo kuseka kotero m'chipinda chimenecho. Alendo ankamenya matebulo. Amuna amene anawanyozapo zaka zambiri ankapukuta misozi. Wina anafunsa ngati jamuyo ndi phula lofiira la chaka chino. A Ragnvald anakweza chipewa ndi dzanja linalo, n'kubweretsa chikhatho pafupi ndi maso, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Torleif sanaseke. Anadikira phokoso lichepe, n'kupempha kiyi wa kanyumba. Anati komiti idzakambirana, koma kiyiyo aperekeretu lero. A Ragnvald anatulutsa mphete ya makiyi, momwe munalinso wa kunyumba ndi wa kushedi, n'kuyamba kuyesa kuchotsa mmodziyo. Zala sizinkapeza polowera. Mphete inagwa pansi, anawerama n'kuitola, inagwanso. Palibe amene anasuntha. Anayesa ndi mano. Anthu anali atasiya kuseka, ankangoonerera, ena akumwa khofi.

Halldis anamaliza wafulo wake, anapukuta zala, n'kudzuka. Anatenga mpheteyo m'manja mwawo, anachotsa kiyi uja mosavuta, n'kumuika m'dzanja la Torleif. Makiyi otsalawo anawaponya m'thumba la jekete lake.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Mwadzipaka jamu."

Komiti sinakambirane chilichonse. Sabata yotsatira m'kanyumba muja munali amuna awiri atsopano, amene mpaka lero amakangana za lapepo ndi lofiira, ndipo amalakwitsa kawirikawiri, koma palibe amene amawaopa. A Ragnvald anakhala ndi moyo nyengo zingapo pambuyo pake. Ndinkaganiza kuti sadzapondanso pabwalo, koma Halldis ankawabweretsa pa mpikisano uliwonse, atawamanga mabatani mpaka pakhosi. Ankawakhazika pa benchi la panja, pafupi ndi khomo la kanyumba kaja, pomwe ankatha kumva fungo la phula ndi mkangano wa m'katimo. Odutsa ankawaponyera funso la phula la lero, osadikira yankho. Poyamba ankatukwana, kenako anasiya.

Halldis akawakhazika ankalowa kwa ine, kumene kuli mbaula. Ankakhala chofulatira windo, n'kuitanitsa khofi, ndipo sankafulumira kumwa.