Chikuta Pakati pa Munda wa Fodya

Mwana wanga woyamba anabadwa mwezi womwe mudzi wathu unkasamuka. Kunali cha ku Nsaru, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, pamene mzungu wa fodya anapatsidwa malo onse kuyambira kumtsinje mpaka kumalire a manda. Zikhomo anakhoma ine ndili ndi mimba yaing'ono, ndipo akuluakulu anagwirizana zoti tikamange tsidya la dambo, kumene amalume anali ndi tsala. Ndewu panalibe. Anthu anadandaula, anatukwana chamumtima, kenako anayamba kudula mitengo.

Ine nkhawa yanga sinali pa munda ayi. Ndinali m'chikuta. Kwathu mayi akachira satuluka ndi khanda mpaka mchombo utagwa, pakuti mwana amakhala wozizira, ndipo akakumana ndi munthu wotentha, amene wagona ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, amadwala tsempho, kutupa, mwinanso kutisiya. Tsono taganizani, njira yonse amuna osenza madenga, anyamata a pa esiteti ochokera kutali oti sitikudziwa kumene agona, ine n'kudutsa pakati pawo ndi kamwana kofiira. Amayi anangoti, "Sutuluka muno iwe. Akafuna atigwetsere nyumbayi pamutu."

Ndinkasuzumira pa kabowo ka m'chipupa. Denga la amayi aakulu linanyamuka lathunthu, miyendo ya amuna ili pansi, likuyenda ngati kamba. Nkhokwe zinapita, mitondo, nkhunda m'madengu. Bambo a mwana sankaloledwa kulowa, ankaima kuseri n'kumandiuza kuti nyumba yathu yafika pati, kuti dothi la tsidyalo ndi lakuda bwino, kuti mbuzi yathu ikungothawira kubwinja kuno. Ndinkayankha mwachidule, maso ali pa mchombo. Amayi anali atandichenjeza kuti usagwere pamaliseche a mwana angadzakhale wosabereka, ndiye ine kumupendeketsa, kumufunda, kumuvundukula, kumufundanso, mpaka anandimenya padzanja kuti ndimuleke mwana apume.

Kenako kunabwera ng'ombe zokoka makasu achitsulo, ndipo patsogolo pake kapitawo, bambo wamtali wa chipewa, chikoti m'manja. Anafunsa chifukwa chimene nyumba imodzi yatsalira, amayi anatuluka n'kumuuza. Ine ndinadikira kukalipa, ndinadikira moto padenga. Koma bamboyo anayenda chafutambuyo mpaka pa mtengo wa msuku, n'kulankhula ali pomwepo kuti iyenso ali ndi mkazi kunyumba, sangayandikire. Olima anawauza kuti azilambalala.

Ndiye anatizunguliradi. Kutsogolo dothi lofiira, kumbuyo dothi lofiira, ife pakati ndi utsi wathu. M'mawa uliwonse kapitawo ankaima pa msuku paja.

"Agogo, kodi wagwa?"

"Sunagwe, a kapitawo. Ukudikira fodya wanu apse."

"Mzungu akundifunsatu."

"Muwauze abwere adzausolole okha."

Ankaseka, n'kumapita akupukusa mutu. Ine sindinkaseka, ndinkaopa kuti amayi awonjeza, tsiku lina kuseka kumuthera. Koma kunena zoona masiku amenewo tinkakhala bwino. Phala la mawere silinkasowa, amayi aang'ono ankabwera ndi madzi, iwo anali namfedwa ndiye ankalowa, ndipo mudzi unali zii moti ndinkamva mpweya wa mwana.

Mchombo unagwa m'mawa wina ndikumusambitsa mwana, unagwera pambali, pamphasa, wouma ngati kamtsitsi ka fodya. Amayi anatenga khasu kuti akaukwirire kudzala, kumene kuli wawo, wanga, ndi wa azichimwene anga onse. Apa ndi pamene ndinawatsutsa koyamba chibadwire. Ine pa kabowo paja ndinali nditaona zimene khasu la ng'ombe limachita: linkafukula mapale, mafupa a mbuzi, mikanda yakale, akhwangwala ali pambuyo kutola. Ndinawauza zonsezi mothamanga, ndinati wa mwana wanga usatoledwe ndi mbalame kapena munthu wa mtima woipa. Iwo anakwiya, anati mchombo umakwiriridwa kwawo kwa mwana, pamene pali makolo ake, si nkhuku yoti n'kuyenda nayo.

"Amayi, nanga kwawo n'kuti tsopano?"

Anayang'ana mizere imene ng'ombe zinalima, kenako anaika khasu pansi. Anamanga mchombo pakona ya nsalu yanga mfundo ziwiri. Anameta mwana, anamusambitsa mankhwala, anamuveka kachingwe m'chiuno, ndipo tinatuluka. Dzuwa linandilasa m'maso. Tinaoloka dambo dzanja langa limodzi lili pa mwana, lina lili pamfundo.

Nyumba yatsopano inkanunkha dothi laliwisi. Kuseri kunalibe dzala, kunali udzu wokhawokha. Amayi anakumba okha, atauza aliyense kuti ayang'ane kumbali, anakwirira, anapondaponda, n'kuthirapo phulusa la moto wa tsiku lomwelo. Anati pamenepa ndi pamene tizitaya phulusa, ndipo obadwa m'tsogolo adzatsata ameneyu. Bambo a mwana anamuona mwana wawo koyamba ali chiimire pakhomo, manja kumbuyo, akungomwetulira. Ine ndinalowa, ndinayala mphasa, ndipo ndinagona masanasana, mwana ali pamsana pa agogo ake.