Kamphika Kanga ndi Abakha a Aphunzitsi

Lero pamsika wa pa Boma ndagwira mphika watsopano, ndipo fungo la dothi lootcha landibwezera kwathu ku Nkhulambe, chaka chimene sukulu yaulere inayamba.

Aphunzitsi athu anatiuza kuti aliyense abweretse chinthu chopanga yekha. Amayi anga anali oumba mbiya, koma sindinalole kuti andithandize. Dothi ndinakumba ndekha kudambo, n'kuumba kamphika. Ndinakasalaza ndi mwala wa kumtsinje mpaka zala kutupa, m'khosi mwake n'kulembamo timizere ndi kamtengo.

Aphunzitsi anakatembenuza kawiri.

"Iwe, wakuumbira ndani?"

"Ndaumba ndekha, aphunzitsi."

"Bodza! Kamwana ngati iwe? Tambasula dzanja."

Anandikwapula katatu anzanga akuseka, kamphikako n'kukaika pansi pa tebulo lawo.

Patapita sabata, atsikana tinatumidwa kukatunga madzi a kunyumba kwa aphunzitsiwo. Nditatula ndowa kuseri, ndinakaona kamphika kanga kaja. Kanali m'matope, kukamwa kutabenthuka, abakha akumweramo. Timizere tanga tinali titadzaza zitosi.

Akazi a aphunzitsiwo anatuluka m'khitchini.

"Ukuyang'ana chiyani? Kathire madziwo mumgolo."

"Aka n'kanga," ndinatero.

"Wati chiyani?"

Ndinakanyamula ndi manja awiri, madzi onunkha akutsikira m'mikono, n'kukamenyetsa pamwala wochapira. Abakha anabalalika akulira. Ine sindinathawe. Ndinaima pomwepo n'kuwayang'ana mayiwo m'maso, kudikira kuti aitane amuna awo.