Khoma la a Tolatola

Dzina lawo laubatizo linali Alufeyo, koma kuyambira pa Njuli mpaka kumudzi kumene anakwatira, aliyense ankawatcha a Tolatola. Dzinali sanapatsidwe mowanamizira. Bamboyu ankapalasa njinga kukagulitsa nandolo ndi tomato ku Limbe, ndipo pamene anzawo ankabwerako ndi madengu opanda kanthu, yawo njinga inkabwera ikulira ngwerengwere: zibenthu za mbale, mabotolo, makalendala a chaka chatha, nthawi zina tayala lakutha. Akamadutsa padzala la kuseri kwa masitolo, khosi lawo linkangotembenuka lokha.

Kwawo kunali ku Milepa. Kuno anabwera pachikamwini mu 1995, atakwatira Enelesi. Malo anali a mbumba ya mkazi, iwo anangobwera ndi manja. Koma manja akewo! Anaumba zidina, kumanga nyumba ya zipinda ziwiri yofolera ndi udzu, kenako n'kuyamba kuiveka ngati mwana wachisamba. Zibenthu za mbale anazimata m'khoma dothi lisanaume, zoyera pazokha, zamaluwa pazokha, mpaka khoma lonse la kuchipinda linaoneka ngati chitenje. Mabotolo obiriwira anawalowetsa kukhoma lakum'mawa, moti dzuwa likamatuluka, pamphasa pankagwa timadontho tobiriwira. Tayala lija analilukira zingwe n'kusanduka mpando. Katani ya pakhomo inali diresi la pakaunjika, lalikulu moti akazi awiri a m'mudzimo akanakwanamo.

"Amunanga, nyumbayi mukufuna ikwatiwe kapena?" ankatero Enelesi. "Mawa mudzanditoleranso mkazi mnzanga kudzala konko."

"Iyayi, mkazi wabwino ndinatola kale."

"Oho! Ndiye kuti ine munanditola padzala, eti?"

Ankaseka mpaka kugwira nthiti. Pa zonse zimene mwamuna wake anabweretsa, chimene Enelesi ankachikonda koposa chinali kalilole wa basi, wong'aluka pakona. Ankamupachika pamsomali pafupi ndi chitseko, ndipo Lamulungu lililonse ankaima pamenepo kumanga duku lake lachikasu, anzake akumuitana kunja kuti belu lalira kale.

Mwana ndiye Mulungu sanawapatse. Alufeyo sankadandaula pagulu, koma mumtima ankadziwa bwino kuti mkamwini wopanda ana, chimene chimamumanga pamudzi ndi mpweya wa mkazi wake basi. Mpweyawo ukachoka, nyumba imatsala, mwamuna n'kumapita.

Chaka cha njala, mu 2002, Enelesi anayamba kutsokomola. Mwamuna wake anayenda naye kuchipatala kangapo panjinga yomwe ija, koma thupi linkangothera m'zovala. Alufeyo anatembenuza mphasa kuti wodwalayo aziyang'ana khoma lamaluwa, ndipo akapita ku Limbe ankabweretsa chibenthu chatsopano kuti maso a mkazi wake asatope ndi zomwezomwezo. Tsiku lina m'mawa, kuwala kwa mabotolo kutagwera pankhope ya Enelesi, Alufeyo anaona mmene masaya analowera. Anachotsa kalilole uja mwakachetechete n'kumusomeka m'denga, pamwamba pa chitseko.

"Kalilole wanga ali kuti?" anafunsa Enelesi masana ake.

"Wagwa, wasweka. Ndakataya."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. "Zotola sizikhalitsa, eti amunanga," anatero, ndipo sanafunsenso.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Patapita miyezi, abale anakumana pabwalo la nyumbayo kuti asudzule mkamwini, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Amene analankhula anali a Francisko, mlongo wake wa Enelesi, mwini mbumba. Sanali munthu wankhanza ayi, ndipo polankhula ankangoyang'ana pansi.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe angakunyozeni. Koma mwambo mukuudziwa. Takumasulani. M'nyumbamu alowamo Easter, mng'ono wake wa malemu, poti ana ake akugona mothinana."

"Alamu, ndisiyireniko ngakhale chipinda chimodzi," anapempha Alufeyo. "Khoma lililonse muno ndinaligwira ndi manja angawa. Ndikayambira pati ku Milepa?"

"Mlendo ndi mame, alamu. Tengani zanu zonse, sitikuletsani."

Zanu zonse! Zake ziti? Alufeyo analowa m'nyumba n'kuima pakati. Anatenga mpeni kuyesa kuzula chibenthu chimodzi chamaluwa, koma chinangophwanyikira m'manja, pakhoma n'kutsala chibowo. Anayesa botolo, dothi linakana. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala akumata chuma chake m'khoma la eni, ndipo khoma silikwera njinga. Anamanga bulangete, malaya awiri ndi khasu, basi katundu n'kuthera pomwepo.

Ali pakhomo anakumbukira kalilole. Anapisa dzanja m'denga, pamalo pamene anamusomeka. Zala zinakhudza nsalu. Iwo anamubisa wosakulunga, koma tsopano anatuluka atakutidwa bwinobwino m'duku lachikasu lija, lomangidwa mfundo ya Enelesi, ija ankaimanga kumbali akamapita kutchalitchi.

Ndiye kuti tsiku lina, mwamuna ali ku Limbe, miyendo ikadali ndi timphamvu, mayiyo anadzuka, kufufuza, kumupeza, n'kudziona yekha mmene analili. Kenako anamukulunga, kumubwezera pomwepo, n'kukagonanso kuyang'ana khoma. Miyezi yonse ija Alufeyo ankaganiza kuti akubisira mkazi wake, chikhalirecho mkazi ndiye ankabisira iwo. Anakhala pampando watayala n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, mpaka a Francisko kunja anachoka pabwalo.

Ulendo wa ku Milepa anayenda wapansi, akukankha njinga. Kumeneko mlongo wawo anawapatsa kanyumba ka makoma opanda kanthu, ndipo mpaka lero makomawo ali choncho. Ku Limbe amapitabe ndi nandolo, koma akafika padzala la kuseri kwa masitolo amangodutsa, khosi lili njo. Ana a ku Milepa sadziwa n'komwe chifukwa chake akuluakulu amawatcha a Tolatola.

Pamsomali pafupi ndi chitseko chawo pamalendewera kamtolo kachikasu. Mfundo ija sanaimasulepo.